Mafunso ndi mayankho: mmene India amayendetsera ntchito zake za mlengalenga, ndi chifukwa chake maroketi amuyendera kuposa ndege

Chombo cha India cha Chandrayaan-3 chitatera pamwezi pa 23 Ogasiti 2023, anthu ambiri anathamangira kufunsa za mtengo wake: zatheka bwanji ndi ndalama zochepa chonchi? Funsolo n'lomveka, koma yankho lake silili m'chombomo. Lili m'maofesi. Lili pa nkhani yakuti ndani amalamula, ndani amapempha ndalama, ndani amagula chimene chapangidwacho, ndiponso ndani amayankha zinthu zikapanda kuyenda. Tsamba lino likuyankha mafunso amenewa.

Kodi mwini wake wa ntchito za mlengalenga ku India ndani?

Ambiri amadziwa dzina la ISRO, bungwe lofufuza za mlengalenga limene likulu lake lili ku Bengaluru. Koma ISRO ili ndi akuluakulu ake. Pamwamba pali khonsolo yotchedwa Space Commission, imene imakhazikitsa mfundo ndi kuvomereza ntchito zikuluzikulu zisanapite kwa nduna za boma. Pansi pake pali nthambi ya boma ya Department of Space, yomwe imagwira ndalama. ISRO ndiye manja ogwira ntchito.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzimvetsa. Choyamba, nthambiyi siili pansi pa unduna wina uliwonse. Imayankha kwa Nduna Yaikulu ya dzikolo. Chachiwiri, munthu mmodzi ndi amene amakhala wapampando wa khonsolo, mlembi wamkulu wa nthambi, komanso mkulu wa ISRO, ndipo munthuyo amakhala wasayansi kapena injiniya, osati wandale kapena mkulu wa boma wongosamutsidwa kuchokera ku unduna wina. Makonzedwe amenewa anakhazikitsidwa mu 1972 ndipo sanasinthe kwenikweni. Munthu amene akudziwa kuti injini ikufunika chitsulo chanji ndi yemweyo amene amakapempha ndalama zake. Kalata siyenda maofesi khumi isanayankhidwe. Kwa ine, apa ndi pamene pagona chinsinsi chachikulu cha ISRO, ndipo tibwereranso pomwepa tikafika pa nkhani ya ndege.

Dziko limene linali ndi njala linayamba bwanji zinthu ngati zimenezi?

Linayamba pang'ono kwambiri. Mu 1962 boma la Jawaharlal Nehru linakhazikitsa komiti yaing'ono ya kafukufuku wa mlengalenga pansi pa nthambi yoona za mphamvu ya atomu, motsogozedwa ndi Vikram Sarabhai. Anasankha mudzi wa asodzi wa Thumba, pafupi ndi Thiruvananthapuram ku Kerala, chifukwa malowo ndi abwino pophunzira mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Tchalitchi cha m'mudzimo ndi chimene chinakhala malo awo oyamba ogwirirapo ntchito. Pa 21 Novembala 1963 anaulutsa roketi yaing'ono yochokera ku America. ISRO yeniyeniyo inabadwa pa 15 Ogasiti 1969.

Otsutsa analipo, ndipo mfundo yawo inali yamphamvu: anthu akusowa chakudya, inu mukuyang'ana kumwamba? Sarabhai sanayankhe polonjeza mpikisano ndi America kapena Soviet Union. Ananena poyera kuti India alibe maloto othamangira kumwezi, koma sayenera kutsalira pogwiritsa ntchito luso lamakono kuthetsa mavuto a anthu ake. Ndiye zimene anaika patsogolo zinali mauthenga, maphunziro, zanyengo ndi kujambula nthaka kuchokera kumwamba.

Umboni wake unaoneka mu 1975 ndi 1976. India analibe setilaiti youlutsira mawu ndi zithunzi, choncho anabwereka ya NASA, bungwe la za mlengalenga la ku America, yotchedwa ATS-6 kwa chaka chimodzi, n'kuika mawailesi akanema m'midzi pafupifupi 2,400. Anthu ankaonera za ulimi, zaumoyo ndi maphunziro a ana. Anayamba ndi kuphunzira kugwiritsa ntchito chinthucho asanachigule, asanachipangenso.

Nanga amasankha bwanji ntchito yoyenera kuthiridwa ndalama?

Kwa zaka zambiri ntchitozi zinkalowa m'mapulani a zaka zisanuzisanu a dziko lonse, amene ankakonzedwa ndi Planning Commission mpaka pamene bungwelo linalowedwa m'malo ndi NITI Aayog mu 2015. Pambali pa zimenezo, a zamlengalenga ankalemba okha mapulani a zaka khumi, kuyambira ndi ya 1970 mpaka 1980.

Chimene chinathandiza kwambiri n'chakuti setilaiti iliyonse inkayenera kukhala ndi woifuna isanapangidwe. Masetilaiti a INSAT, amene anayamba kutumikira mu 1983, anali ntchito ya mabungwe angapo pamodzi: a zamatelefoni, a zanyengo, a wailesi ndi wailesi yakanema ya boma, kuphatikiza a zamlengalengawo. Masetilaiti ojambula dziko, oyambira ndi IRS-1A mu 1988, anali ndi makomiti mmene munkakhala anthu a zaulimi, zamadzi, zankhalango ndi zamigodi, onena zithunzi zimene akufuna. Unduna ukanena wokha chimene ukusowa, umachigwiritsa ntchito chikabwera, ndipo umachiteteza tsiku la bajeti.

Ulendo wa kumwezi unabwera mochedwa, mu 2008, ndi Chandrayaan-1. Pamenepo n'kuti zofunika za pansi pano zitakhazikika kale.

Kodi zonse zimachitikira malo amodzi?

Ayi. Maroketi amakonzedwa ku Thiruvananthapuram, pa malo otchedwa ndi dzina la Sarabhai. Injini za mafuta amadzimadzi zimayesedwa ku Mahendragiri ku Tamil Nadu. Masetilaiti amalumikizidwa ku Bengaluru, makamera ndi zipangizo zake zambiri zimachokera ku Ahmedabad, zithunzi zimalandiridwa ndi kugawidwa ku Hyderabad, ndipo kuulutsa kumachitikira pa chilumba cha Sriharikota ku Andhra Pradesh. Malo achiwiri oulutsira akumangidwa ku Kulasekarapattinam. Malo alionse ali ndi luso lake, koma ntchito iliyonse imakhala ndi mkulu mmodzi amene amaitanitsa zofunika kuchokera konseko.

Boma limapereka ndalama zingati?

M'zaka zaposachedwa nthambiyi yakhala ikulandira ndalama zokwana pafupifupi madola 1.5 biliyoni pachaka. NASA imalandira pafupifupi madola 25 biliyoni. Ndi ndalama zambiri ndithu, koma pa bajeti ya dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, ndi kagawo kosafika n'komwe 1 peresenti.

Ndiye n'zoona kuti India amachita zinthu motchipa kuposa ena onse?

N'zoona, koma nkhaniyi imafotokozedwa mokokomeza. Chombo cha Mangalyaan, chimene chinanyamuka pa 5 Novembala 2013 n'kufika ku Mars pa 24 Sepitembala 2014, chinadya pafupifupi madola 74 miliyoni. Chombo cha NASA cha MAVEN, chimene chinanyamuka mwezi womwewo, chinadya kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi kanayi. Komatu Mangalyaan inanyamula zipangizo zasayansi zolemera makilogalamu 15 okha. Cholinga chake chachikulu chinali kuonetsa kuti kufika n'kotheka. MAVEN inapita kukagwira kafukufuku wozama wa zaka zambiri. Kuyerekeza ziwirizi pa mtengo wokha n'kunamiza anthu.

Kutchipako kuli ndi magwero ake enieni. Malipiro a mainjiniya ndi otsika. Chinthu chikayenda bwino sachitaya: roketi ya PSLV yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira 1994, ndipo ndi yomweyo inanyamula Chandrayaan-1 ndi Mangalyaan, komanso masetilaiti 104 pa ulendo umodzi mu Febuluwale 2017. Chinanso, amalipira ndi nthawi m'malo mwa mafuta. Chandrayaan-3 inatenga masiku pafupifupi 40 kuti ifike kumwezi, ikuzungulira dziko lapansi n'kumakwera pang'onopang'ono, pomwe anthu a ku America a pa maulendo a Apollo ankafika m'masiku atatu kapena anayi ndi roketi yamphamvu kwambiri.

Roketi ikagwa, amachotsa ntchito ndani?

Mu Ogasiti 1979 roketi yoyamba ya India yonyamula setilaiti, SLV-3, inagwera m'nyanja. Woyang'anira ntchitoyo anali A.P.J. Abdul Kalam, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo. Kalam ankakonda kufotokoza kuti tsiku limenelo mkulu wa ISRO, Satish Dhawan, anapita yekha kukakumana ndi atolankhani n'kusenza mlanduwo. Pa 18 Julayi 1980 roketiyo itaulutsa bwino setilaiti ya Rohini, Dhawan anatuma Kalam kuti akalankhule ndiye.

Mwambo umenewu unakhazikika m'njira ina: chinthu chikalephera amakhazikitsa komiti yofufuza chimene chalakwika, amakonza, n'kuyesanso, kawirikawiri ndi gulu lomwelo. PSLV inalephera ulendo wake woyamba mu 1993. Chombo chotera cha Chandrayaan-2 chinaphwanyika pamwezi mu Sepitembala 2019, ndipo zimene anaphunzira pamenepo ndi zimene zinalimbitsa miyendo, kuwonjezera mafuta ndi kukulitsa malo oterapo a Chandrayaan-3. Boma likanakhala lofulumira kutseka ntchito ikangogwa kamodzi, palibe chimodzi mwa zimenezi chikanakhalapo.

N'chifukwa chiyani nkhani ya injini ya cryogenic imatchulidwa kwambiri?

Chifukwa imasonyeza mtengo wa kudalira ena. Kuti ukweze setilaiti yolemera mpaka makilomita pafupifupi 36,000, umafunika injini yoyaka haidrojeni ndi okosijeni zoziziritsidwa mpaka kusanduka madzi. Mu 1991 India anagwirizana ndi bungwe la ku Moscow la Glavkosmos kuti agule injinizi pamodzi ndi luso lozipangira. America anakana, ponena kuti lusolo lingathandize kupanga mizinga, ndipo mu 1992 anaika zilango pa mabungwe awiriwa. Russia anabwerera m'mbuyo: anagulitsa injini zingapo, koma luso ayi.

India anayamba kudzipangira yekha. Ulendo woyamba wa injini yakeyake, mu Epulo 2010, unalephera. Unadzatheka pa 5 Januwale 2014, patatha zaka zoposa 20 chiyambire mkanganowo. Zaka zonsezo masetilaiti ake olemera ankakwera maroketi a Ariane a ku Ulaya, polipira ndalama zakunja. Ngakhale lero vutoli silinatheretu: mu Novembala 2024 setilaiti ya GSAT-N2 inaulutsidwa ndi kampani ya ku America ya SpaceX chifukwa inalemera kuposa zimene roketi yaikulu ya India, LVM3, ikanatha kukweza.

Si kuti India anakana thandizo lakunja. Setilaiti yake yoyamba, Aryabhata, inaulutsidwa ndi Soviet Union mu 1975, ndipo injini ya Vikas inachokera ku luso la injini ya Viking ya ku France, kumene mainjiniya a India anakagwira ntchito m'zaka za m'ma 1970. Kusiyana kwake n'kwakuti ku France anakaphunzira kupanga, osati kukagula chabe.

Ngati afika kumwezi, bwanji ndege zapaulendo amagulabe kunja?

Ili ndiye funso limene liyenera kufunsidwa kwambiri, koma silifunsidwa. Mu 2023 kampani ya Air India inaitanitsa ndege 470 kwa Airbus ndi Boeing, ndipo IndiGo inaitanitsa 500 kwa Airbus. Palibe ndege yaikulu yonyamula anthu yopangidwa ndi India imene inali pa msika.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya ndege ndi yakale kuposa ya maroketi. Kampani yopanga ndege imene lero ndi HAL inayamba mu 1940. Mu 1961 India anaulutsa ndege yankhondo ya Marut, yokonzedwa motsogozedwa ndi injiniya wa ku Germany, Kurt Tank, koma sinafike liwiro limene anaikonzera chifukwa injini yoyenera sinapezeke. Ntchito ya ndege yankhondo ya Tejas inavomerezedwa mu 1983, ndegeyo inauluka koyamba pa 4 Januwale 2001, ndipo asilikali a mumlengalenga anayamba kuigwiritsa ntchito mu 2016. Injini ya Kaveri imene ankaipangira sinakwanitse mphamvu yofunika, moti Tejas imauluka ndi injini ya General Electric ya ku America. Ndege yaing'ono ya anthu ya Saras inagwa poyesedwa mu 2009, ntchito n'kuima kwa zaka.

Tayang'anani mmene nyumbayi yagawikira. Wokonza mapulani a Tejas ndi ADA, bungwe la pansi pa unduna wa chitetezo. Wopanga ndi HAL, kampani ya boma yokhala ndi akuluakulu ake. Injini inali m'manja mwa malo ena ofufuzira a DRDO, bungwe la boma lofufuza za zida zankhondo. Malo ofufuzira za ndege a NAL ali pansi pa khonsolo ina ya sayansi. Wogula, gulu lankhondo la mumlengalenga, ali ndi adani enieni m'malire ndipo sangadikire zaka 30; ndege yakwawo ikachedwa amagula ya ku Russia kapena ku France. Ndege zapaulendo zili ndi unduna winanso. Zili ngati munda wa eni ambiri: aliyense amalima mzere wake, koma palibe amene amagona osapeza tulo poganiza za nkhokwe.

Tisaiwale kuti ndege ndi yovuta m'njira yakeyake. Roketi imagwira ntchito mphindi zochepa, kamodzi. Injini ya ndege iyenera kupirira kutentha koopsa maola zikwizikwi, ndipo ndege yonyamula anthu iyenera kuvomerezedwa ndi oyang'anira chitetezo n'kupikisana ndi makampani amene ali ndi malo okonzera ndege padziko lonse. Komabe kuvutako sikufotokoza zonse. Brazil inakwanitsa ndi Embraer, posankha ndege zing'onozing'ono n'kuziika m'manja mwa kampani imodzi. Ine ndikuona kuti mainjiniya a ndege ku India sanachepe nzeru kuyerekeza ndi anzawo a maroketi. Anasowa chimene anzawowo anapatsidwa mu 1972: mtsogoleri mmodzi, thumba limodzi, ndi khomo lolowera kwa Nduna Yaikulu.

Zinthu zikusintha pang'ono. Mu Okutobala 2024 makampani a Tata ndi Airbus anatsegula fakitale ku Vadodara yolumikizira ndege zankhondo zonyamula katundu za C-295, yoyamba ya mtundu umenewu yosakhala ya boma.

Kodi makampani omwe si a boma ali ndi gawo?

Akhala nalo kuyambira kale, koma ngati otumidwa. Makampani monga Godrej ndi Larsen & Toubro akhala akupanga zigawo za injini ndi za maroketi motsatira zojambula za ISRO. Kupanga roketi yawoyawo kunalibe.

Kusintha kunayamba mu 2019 pokhazikitsa kampani ya boma ya NSIL yoona za malonda, kenako mu 2020 bungwe la IN-SPACe, limene limapereka zilolezo kwa makampani ndi kuwathandiza kugwiritsa ntchito malo oyesera a ISRO. Ndondomeko ya 2023 inagawa ntchito momveka: ISRO iziika mtima pa kafukufuku ndi zinthu zatsopano, zozolowereka zizipita kwa makampani. Mu 2024 malamulo a ndalama zochokera kunja anafewetsedwa. Kampani ya Skyroot inaulutsa roketi yake yoyesera mu Novembala 2022, Agnikul inatsatira mu 2024, ndipo HAL pamodzi ndi Larsen & Toubro anapatsidwa ntchito yopanga maroketi asanu a PSLV.

Maganizo ake ndi abwino. Injiniya wodziwa kukonza ulendo wa kumwezi sayenera kutha zaka akubwereza roketi imodzimodzi. Chodetsa nkhawa n'chakuti IN-SPACe, yemwe ndi woweruza, ili pansi pa nthambi yomweyo ndi ISRO ndi NSIL, omwe ndi osewera.

Pali zimene zinalakwika zimene boma silikonda kutchula?

Zilipo. Mu 2005 kampani ya malonda ya ISRO, Antrix, inasainirana pangano ndi kampani ya Devas pa za mafunde oulutsira mauthenga. Boma linathetsa panganolo mu 2011, ndipo milandu yake yayenda m'makhoti a mayiko angapo kwa zaka zoposa khumi. Apa ubwino uja wa munthu mmodzi wa zipewa zitatu unaonetsa mbali yake ina: mphamvu zikaunjikana pamodzi, oyang'anira amachepa.

Palinso NavIC, njira ya India yolondolera malo yofanana ndi GPS. Mawotchi a atomu a m'masetilaiti ake angapo anafa msanga, ndipo setilaiti yolowa m'malo imene inaulutsidwa mu Januwale 2025 inalephera kufika pamalo ake. Mu Meyi chaka chomwecho PSLV, roketi yodalirika ija, inalepheranso. Ndipo chiwerengero cha maulendo pachaka n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi China.

Asilikali ali pati pa zonsezi?

ISRO si bungwe la asilikali, ngakhale imaulutsa masetilaiti a asilikali. Mizinga ili m'manja mwa DRDO, yomwe mu Malichi 2019 inaphwanya setilaiti ya India yemweyo poyesa chida chatsopano. Kulekanitsaku kunathandiza ISRO kugwira ntchito ndi mayiko ena, monga pa setilaiti ya NISAR imene anapanga limodzi ndi NASA n'kuiulutsa mu Julayi 2025.

Munthu wakumudzi wapindulapo chiyani?

Chitsanzo chomveka ndi namondwe. Mu 1999 namondwe woopsa anapha anthu pafupifupi 10,000 ku Odisha. Mu 2013 namondwe Phailin anafika m'dera lomwelo, koma anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atasamutsidwa kale, ndipo omwalira anali makumi ochepa. Setilaiti payokha sinapulumutse munthu. Inaona namondweyo masiku angapo asanafike. A zanyengo anachenjeza. Boma la Odisha linali litamanga nyumba zothawiramo ndi kuphunzitsa anthu odzipereka m'midzi. Unyolo wonsewo unagwira. Asodzi nawonso amalandira mauthenga a malo amene nsomba zingapezeke, ochokera ku bungwe la INCOIS ku Hyderabad pogwiritsa ntchito zithunzi za nyanja.

Kodi zimenezi zikutikhudza ife kuno?

Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, kapena Idai ku Beira ndi Chimanimani mu 2019, sangafunse kawiri. Anamondwe amenewa ankaoneka pa zithunzi za masetilaiti akadali m'nyanja. Malawi safunika roketi kuti apeze zithunzizo. Zambiri, monga za masetilaiti a Landsat ndi Sentinel, zimaperekedwa ulere. Chofunika ndi anthu odziwa kuziwerenga, ndi njira yoti chenjezo lichoke pa kompyuta lifike kwa mfumu ndi kwa mayi wokhala m'tsinde mwa phiri, komanso malo oti athawireko. Mayiko oyandikana nafe ayambapo: South Africa ili ndi bungwe lake la za mlengalenga la SANSA kuyambira 2010, Zimbabwe inaulutsa kasetilaiti ka ZimSat-1 mu 2022, ndipo bungwe la mlengalenga la Africa yonse linatsegulidwa ku Cairo mu 2025. Gawo la mbiri ya India loyenera kuliphunzira kwambiri kuno ndi la 1975, pamene anali ndi setilaiti yobwereka ndi midzi 2,400.

Kutsogoloku akufuna chiyani?

Ntchito yaikulu ndi Gaganyaan, yotumiza anthu mumlengalenga ndi roketi ya India. Inalengezedwa mu 2018 ndi chiyembekezo chakuti itheka pofika 2022, koma yachedwa. Pokonzekera, woyendetsa ndege Shubhanshu Shukla anapita ku siteshoni ya mayiko onse ya mumlengalenga mu Juni 2025 pa chombo cha SpaceX, patatha zaka 41 Rakesh Sharma atapita ndi chombo cha Soviet Union. Boma lanenanso kuti likufuna siteshoni yakeyake pofika 2035 ndi munthu pamwezi pofika 2040.

Zolingazi zatalikirana ndi zimene Sarabhai ananena, ndipo zidzadya ndalama zambiri kuchokera mu thumba lomwelo limene liyenera kukonzanso NavIC ndi kusintha masetilaiti a zanyengo akakalamba. Ulendo wa munthu kumwezi ulibe unduna woudikira ngati mmene a zaulimi ankadikirira zithunzi za IRS. Amene akufuna kudziwa kumene India akulowera aziyang'ana mmene bajeti ya nthambiyi ikugawidwira chaka ndi chaka pakati pa ntchito ziwirizi.